Chilatini Changa ndi Mlatho wa Che Amadu

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mudzawerenga izi foni ikakutherani moto, mwakhala mukufunsa kuti zinatheka bwanji kuti munthu amene anapita ku yunivesite kukaphunzira za Agiriki ndi Aroma akale athere moyo wake akukwirira maenje mumsewu. Amayi anu amayankha mwachidule, amati ndi mutu. Ine ndiyankha motalikirapo, poti ndinapuma ntchito ndipo nthawi ndili nayo yambiri kuposa mano.

Kutsidya kwa malire, nkhondo ili mkati

Nkhondo itatithamangitsa ku Mandimba tinawolokera ku Malawi, monga anachitira ambiri. Sukulu ndinapitiriza komweko, ndipo ansembe ena amene ankatithandiza anandikankha mpaka ndinalowa yunivesite. Tsiku losankha maphunziro ndinapeza mizere yaitali pakhomo la zamalamulo ndi la zachuma. Pakhomo limodzi lokha panalibe munthu. Ine, pokhala wotopa kale ndi mizere ya ufa kumsasa wa othawa kwawo, ndinalowa pamenepo. Umo ndi momwe ndinasankhira tsogolo langa, ndipo ndikukhulupirira kuti anthu ambiri otchuka anasankha chimodzimodzi, kungoti sanena.

M'katimo munali mphunzitsi wamtali, wa jekete lotha m'zigongono, amene tonse tinkamutchula kuti a Magisita, ndiko kuti mphunzitsi m'Chilatini. Tsiku loyamba analemba mawu pa bolodi, ndipo anzanga a ku Malawi anangoti kakasi. Ine ndinachita mantha, chifukwa theka la mawuwo ndinawamva. Chipwitikizi chija ankatikwapulira kusukulu ya ku Mandimba, chimene ndinkayesa kuti chinagwa kumwamba chitavala kale nsapato, chinali ndi mayi wake. Ndipo mayiyo anali atamwalira kalekale koma akuyankhulabe.

Kuyambira pamenepo ndinali ngati munthu woledzera osamwa. A Magisita anali ndi makina oonetsera zithunzi pakhoma, ndipo magetsi akakhala kuti atikomera mtima ankatseka makatani n'kutionetsa zinthu zimene mpaka lero ndikaziganiza ndimasiya kutafuna. Ngalande ya madzi yoyenda m'mwamba, pamwamba pa zipilala zamiyala zosanjikizana, kuchokera kumapiri mpaka mumzinda, popanda injini, madzi akungotsetsereka okha. Bwalo la masewero losemedwa m'phiri, lakuti munthu akayankhula pansi penipeni wokhala kumwamba amamva. Mgiriki wina amene anayeza kukula kwa dziko lonse lapansi poyang'ana mthunzi wa kamtengo. Kamtengo, ana anga. Ine kwathu kamtengo ndinkagwetsera mango.

Koma chimene chinandisokoneza moyo ndi mwala wa pamanda. A Magisita anatiuza kuti Aroma sankabisa manda awo kutchire. Ankawandanda m'mbali mwa misewu yolowa mumzinda, ndipo ambiri ankawalemba ngati mwalawo ndiwo ukuyankhula, kupempha wapaulendo kuti aime pang'ono, awerenge dzina la wogona pamenepo, kenako apitirize ulendo. Amisiri nawonso ankachita zofanana: woumba mbiya ankailembera mawu akuti inayankhula yokha, kunena dzina la amene anaipanga. Tsiku lina anaonetsa pakhoma mwala wa munthu wamba, wophika buledi, n'kundiloza.

"Bambo wa ku Mozambique, tatiwerengerani. Mokweza."

Ndinaimirira n'kuwerenga, lilime likupunthwa, mpaka ndinafika pa dzina n'kulitchula.

"Mwachita chiyani pamenepo?"

"Ndawerenga, a Magisita."

"Ayi, mwamuitana. Munthuyu sanali mfumu, sanapambane nkhondo, ankangokanda ufa. Mzinda wake unagwa, chinenero chake chinatha. Koma lero dzina lake lamveka m'chipinda chino, pakamwa pa mnyamata amene sanadye m'mawa. Ndi chokhacho chimene ankapempha. Khalani pansi."

Ndinakhala pansi, ndipo phunziro lotsalalo sindinalimve. Zinali zoona kuti sindinadye m'mawa, koma sichinali chimenecho.

Za kuchoka kwanga ku yunivesite ndinena mwachidule. Chilatini tinkagwirizana, koma Chigiriki chinandigwetsa kawiri, mwaulemu koma mosabisa. Nthawi yomweyo kwathu kunabwera mtendere, bambo anga anayamba kumanga katundu, ndipo mwana wamkulu ndinali ine. Choncho yunivesite ndi ine tinasiyana mwamtendere. Palibe analira. A Magisita anangondigwira dzanja n'kunena kuti, "Kulikonse mukupita, mudzaponda msewu. Mudzawakumbuka Aroma." Sankadziwa kuti akulosera ntchito yanga.

Mandimba, mtendere utangobwera

Ntchito yanga yoyamba, imenenso inakhala yomaliza, inali m'gulu lokonza misewu. Wondilemba anali a Shefi Bonifasiyo (shefi ndiye bwana m'Chipwitikizi), injiniya wochokera ku Cuamba, munthu wosaba, wosamwa, wosaseka, amene ankakonda lamulo monga ena amakondera mpira. Anandiyang'ana kuchokera kunsapato.

"Munaphunzira chiyani kutsidyako?"

"Chilatini, a Shefi."

"Kuno kulibe amene amachiyankhula."

"Kumene chinachokera kulibenso, a Shefi."

Sanaseke. Anati poti ndimatha kulemba ndi kuwerengera, ndikhala kapitawo. Kenako anandiuza kuti ntchito yaikulu ya gulu langa ikhala kukonza maakeduto. Mtima unadumpha, pakuti limenelo ndi dzina la ngalande zija za m'mwamba zimene ndinaziona pakhoma. M'mawa mwake anandionetsa akeduto wanga woyamba: paipi ya simenti yodutsa pansi pa msewu, yodzaza matope, mkati muli galu wakufa. Ndinavula chipewa. Ufumu wa Aroma unali utafika ku Mandimba, koma utatopa kwambiri ndi ulendo.

Zaka zimenezo zinali za kusowa. Simenti ikabwera kunalibe dizilo woinyamulira, dizilo akabwera galimoto inali ilibe tayala. Wilibala yathu inali yopanda gudumu, ndiye anthu awiri ankainyamula ngati maliro. Koma m'gulumo munali munthu mmodzi amene kusowa sikunkamugonjetsa, Che Amadu, mmisiri womanga ndi miyala, Myao wa ku Ngauma, Msilamu, wamkulu msinkhu wa bambo anga. Ntchitoyo anaiphunzira ali wachinyamata pomanga nyumba za kumishoni. Ankatenga mwala n'kuutembenuza m'manja ngati akuufunsa kumene ukufuna kugona, ndipo akauika sunkasunthanso.

Kwathu kuno aliyense womaliza yunivesite timamuti dotolo, ngakhale asadziwe kubaya jakisoni. Che Amadu atamva mbiri yanga anandipatsa dzina lakuti Dotolo Watheka, poti maphunziro ndinalekezera pa theka, ndipo linandikakamira mpaka lero. Masana tikamapuma pamthunzi, tikudya chinangwa, ankandiputa dala.

"Dotolo Watheka, tatiuzani za azibale anu aja."

Ndinkawauza za misewu ya Aroma yowongoka ngati chingwe, imene ina mpaka pano anthu akupondabe. Iwo ankamvetsera maso ali gwa, kenako n'kufunsa, "Nanga ngati anali anzeru chonchi, ali kuti?"

"Anafa, Che Amadu."

"Basi, ndiye tikufanana. Patseni mchere uko."

Za banja lawo anandiuza kamodzi kokha, osandiyang'ana. Mkazi wawo ndi ana awo onse anathera kunkhondo. Sanakwatirenso. Sindinafunse zambiri, ndipo iwo sanabwerezenso.

Ngauma, chilimwe cha mlatho

Patapita zaka zingapo anatitumiza ku Ngauma, pa kamsewu kafumbi kochoka mumsewu waukulu wa ku Lichinga kulowera kumidzi ya alimi a fodya. Pamenepo pali kamtsinje kamene chilimwe mwana amalumpha, koma dzinja kamatseka midzi yonse ya kutsidya. Fodya ankaolera m'zigafa, odwala ankadikira madzi aphwe. Tinauzidwa kumanga mlatho. Zitsulo zake tinazidikira mpaka udzu unauma, osabwera. Simenti inabwera yochepa. Miyala yokha ndiyo inali mbwee, phiri lonse.

Tsiku lina ndinajambula pamchenga chipilala chokhota ngati uta, chija ndinkachiona pakhoma la a Magisita. Ndinkangodandaula chabe, kuti akanakhala azibale anga aja sakanadikira zitsulo. Che Amadu anayang'ana, n'kufufuta mbali imodzi ndi chala cha kuphazi, n'kuikonza. Anati khomo la tchalitchi cha kumishoni analimanga chomwecho, pa chikombole cha matabwa. A Shefi atabwera anayeza, anawerengera, n'kuvomera. Tinapanga chikombole, Che Amadu anasema miyala umodziumodzi, wopyapyala kunsi, wonenepa kumwamba, n'kuisanja kuchokera mbali zonse ziwiri mpaka inakumana pakati. Mwala womaliza anaukhoma okha.

Tsiku lochotsa matabwa mudzi wonse unabwera kudzaonerera kugwa kwa mlatho. Ena anabwera ndi mipando. Tinagwetsa mizati, matabwa anagwa, fumbi linakwera. Litatsika fumbilo, miyala inali ili m'malere, popanda choigwira, ikungokankhana yokhayokha. Ana anga, ine ndinaziwerenga zimenezi m'mabuku, ndinalemba mayeso ake, ndinakhoza. Koma sindinkadziwa kuti mumtima sindinkakhulupirira. Ndinalowa pansi pake, ndinayang'ana kumwamba, ndipo ndinamva kuzizira kumsana monga tsiku lija la wophika buledi. Che Amadu anakwera pamwamba n'kudumphadumpha, nkhalamba yonse ija, akukuwa kuti, "Dotolo Watheka, azibale anu sananame!"

Atatsika anakhosomola nthawi yaitali. Chifuwa chimenecho chinali chitayamba kale, ndipo thupi linali likutha tonse tikuona. Tikumanga kakhoma ka m'mbali mwa mlatho, anandiitanira pambali.

"Nkhani ija ya miyala yoyankhula. Munati ngakhale wophika buledi?"

"Ngakhale wophika buledi."

"Nanga womanga?"

"Omanga ndiye ankakonda kwambiri."

Anapukuta mpeni wawo womangira. "Ife manda athu sitikongoletsa, ndipo ndi bwino chomwecho. Mvula ikagwa kangapo mtumbira umaphwa. Amene amasunga dzina la munthu ndi ana. Ine mukudziwa." Anakhosomolanso. "Sindikufuna pamanda. Pano. Wina azingolitchula, ngakhale mwangozi."

Kuwerenga sankadziwa. Ndinathyola kamtengo, ndipo pasimenti yaiwisi ya kakhomako ndinalemba zilembo zikuluzikulu, zowongoka, monga ndinaziona pakhoma paja: IMA KAYE, WAPAULENDO. ANANDIMANGA NDI AMADU. TCHULA DZINA LAKE, UYENDE BWINO. Ndinawawerengera. Anandiuza kuti ndibwereze. Kenako anafunsa kuti dzina lawo ndi liti pamenepo, ndipo nditawalozera anati likuoneka lalifupi, koma palibe kanthu.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti anthu a kwathu, atangotuluka m'zaka za zipata za asilikali, akaona mawu akuti ima amaimadi. Wanjinga ankafika pamlatho, n'kutsika, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna woti amuonetse chitupa. Posapeza munthu ankawerenga mawu onse, mokweza monga timawerengera ife ophunzira mochedwa, n'kutchula dzinalo kuopa mlandu, n'kumapita. Osadziwa kuwerenga ankaima chifukwa anzawo aima. Sabata isanathe mayi wina anali atayala nthochi pamenepo.

A Shefi Bonifasiyo anabwera kutatsala tsiku limodzi kuti mkulu wa boma adzatsegule mlathowo. Ananyamula chikwangwani chachitsulo cha mayina a akuluakulu, ndi theka la thumba la simenti lochimangira. Ataona zilembo zanga anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso.

"Ichi n'chiyani?"

"Mwambo wa Aroma, a Shefi."

"Uno ndi mlatho wa boma. Pa katundu wa boma pamalembedwa zimene boma lalamula. Zilembozi muzimate ndi simenti iyi lero lomwe. Chikwangwani mungochikhoma ndi misomali."

Apa ndiyenera kukuuzani chimene chinali pamoto. A Shefi anali atandilonjeza kale kuti mlathowu ukatha andikweza, ndipite ku ofesi ya ku Cuamba, ku nyumba ya magetsi ndi mpopi. Amayi anu anali oyembekezera iwe Lusiya, ndipo anali atauza kale abale awo onse. A Shefi anandikumbutsa zimenezi, osati moopseza, koma monga munthu amakuuzira kuti kutsogoloku kuli dzenje. Che Amadu tsiku limenelo sanabwere, anali gone kunyumba.

Ndinayang'ana theka la thumba lija nthawi yaitali. Ndinaganiza za magetsi. Ndinaganiza za mpopi, ndipo kunena zoona mpopiwo ndinauganizira kwambiri. Kenako ndinakanda simentiyo, ndinapita kukhoma la mbali inayo, ndi kumangirira chikwangwani cha akuluakulu mwaluso lonse limene Che Amadu anandiphunzitsa. Simenti yonse inathera pomwepo. Nditatha ndinapita kwa a Shefi, chipewa kumanja.

"Chikwangwani chalimba, a Shefi. Koma dzina lija sindimata. Ngakhale mubweretse thumba lathunthu."

"Mukudziwa chimene mwataya?"

"Ndikudziwa, a Shefi. Mpopi."

M'mawa mwake mkulu wa boma anabwera ndi magalimoto ake. Woyendetsa galimoto yoyamba anali mwana wa kwathu konkuno. Atafika pamlatho anaona mawu aja n'kuponda buleki, ndipo onse am'mbuyo anaima. Mkuluyo anatsika, anawerama, n'kuwerenga mokweza mpaka pa dzina. Kumbuyo kwa khamu, pamphasa pamene anzathu anakhazika Che Amadu atawanyamula panjinga, kunamveka mawu osasa: "Ndili pano!" Anthu anaseka, amayi analuluta. Mkuluyo sanayamike, sanadzudzule. Anangoti, "Hm," n'kupita kukadula nsalu. Ndipo m'boma, ana anga, chinthu chimene wamkulu wachinenera kuti hm palibe amachikhudzanso. Dzina linatsala.

Che Amadu anamwalira mvula ya chaka chomwecho isanathe. Opita kumaliro awo anadutsa pamlatho madzi akusefukira pansi pake, mapazi ali ouma.

Lúrio ndi Etatara, zaka zotsatira

A Shefi anali munthu wosunga mawu. Ku Cuamba kunapita wina, ine ananditumiza ku Lúrio, kenako ku Etatara, kumene ndinakhala kapitawo mpaka imvi. Sindiwaimba mlandu, ndinakana lamulo pamaso pa antchito, ndipo iwo anachita zimene buku lawo limanena. Amayi anu sanandiyankhule mpaka iwe Lusiya utabadwa, ndipo mawu awo oyamba anali akuti ndikatunge madzi, poti ndine ndinakana mpopi. Ndinatunga zaka zambiri. Mwina mukukumbuka kuti m'mudzi monse bambo wosenza chidebe ndinali ine ndekha. Tsopano mwadziwa kuti chinali Chilatini.

Madzulo ndinkayesa kukuphunzitsani mawu ochepa a chinenerocho, koma munkathawa ngati ndikukupatsani mankhwala a malungo. Ine ndemwe chambiri ndinaiwala. Chimene sichinandichoke ndi kudabwa kuja. Mpaka lero ndikamva mwana akutukwana mnzake m'Chipwitikizi pamsika, ndimamva mawu a anthu amene anafa zaka zikwi ziwiri zapitazo akutuluka m'kamwa mwa wogulitsa tomato, ndipo ndimafuna kuvula chipewa.

Cuamba, masiku ano

Ku Cuamba ndinafikako ndithu, nditapuma ntchito, ndipo mpopi tili nawo, ngakhale umatulutsa madzi ukafuna. Chaka chathachi ndinaganiza zokaona mlatho uja maso asanatheretu. Ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, mpaka ku Mandimba, ina mpaka ku Ngauma, kenako kagalimoto kotsegula kumbuyo kolowa m'kamsewu kafumbi, nditapanikizidwa pakati pa matumba a feteleza ndi mbuzi. Sindinauze aliyense kuti ndine yani. Nditayamba kuzindikira mapiri, wolandira ndalama m'galimotomo, bambo wandevu wa mawu ngati lipenga, anamenya bodi n'kukuwa:

"Pa Amadu! Otsika pa Amadu!"

Ndinayang'ana. Panali timagolosale, wowotcha chimanga, anyamata a njinga zonyamula anthu atandanda pamthunzi. Mlatho unali pomwepo, miyala ikukankhanabe m'malere. Chikwangwani cha akuluakulu chinazulidwa kalekale ndi ogula zitsulo zakutha, panangotsala simenti yanga, yolimba bwino. Zilembo za mbali inayo zinali zitafufutika ndi mvula ndi matako a anthu okhalapo, moti mlendo sakanaziwerenga.

"Achimwene," ndinafunsa wandevu uja, "Amadu ameneyu anali yani?"

"Kaya, madala. Ndi dzina la malo."

Mayi wina wonyamula nkhuku anati anali mfumu. Bambo wa mbuzi uja anatsutsa, anati anali Mwarabu wogula minyanga, agogo ake anamuona. Anayamba kukangana, aliyense akutchula dzinalo mobwerezabwereza. Ine, munthu yekhayo padziko lapansi amene ndinkadziwa yankho, ndinkangoona khoma la chipinda chija ndi jekete lotha m'zigongono.

"Madala, mukutsika kapena ayi? Tikuchedwa!"

"Ndikutsika. Koma taitananinso kaye."

Anandiyang'ana ngati wamisala, anayang'ana anzake, n'kugwedeza mutu. Kenako anamenya bodi, nakuwa mpaka mbuzi inadzidzimuka:

"Pa Amadu!"

Ndinadikira pang'ono, kuti ngati pali woyankha ayankhe. Kenako ndinatsika.